Anyamata ndi Atsikana Posankhidwira ku Makoleji Otchuka a ku America: Mafunso ndi Mayankho

Mafunso ali m'munsiwa ndi amene ophunzira, makolo ndi aphunzitsi amafunsa kawirikawiri akamva kuti m'makoleji ena a ku United States mtsikana amavutika kupeza malo kuposa mnyamata wokhoza mofanana naye. Oyambirira ndi osavuta, ndipo okhudza malamulo ndi masamu ali chapakati ndi chakumapeto.

1. Kodi nkhaniyi ndi yotani kwenikweni?

Ku America atsikana ofunsira malo ku koleji ndi ambiri kuposa anyamata. Pa ophunzira 100 alionse a m'makoleji a dzikolo, pafupifupi 60 ndi akazi. Makoleji ambiri saona vuto, chifukwa amatenga pafupifupi aliyense woyenera amene wafunsira. Nkhani imavuta m'makoleji ochepa otchuka, amene amalandira makalata zikwizikwi koma malo ali ochepa, monga Brown, Vassar, Pomona ndi ena otero. Makolejiwa amafuna kuti chiwerengero cha amuna ndi akazi pasukulu chikhale chofanana kapena choyandikana. Ofunsira akachuluka mbali imodzi koma malo nkugawidwa pakati, mbali yochulukayo ndi imene imapanikizika. M'makoleji ambiri otere, mbali imeneyo ndi ya atsikana.

2. Atsikana anayamba liti kuchuluka? Si kale amuna ndiwo ankadzaza makoleji?

Ndi zoona, ndipo si kale kwenikweni. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, lamulo la 1944 lotchedwa GI Bill linalipirira sukulu asilikali obwera kunkhondo, ndipo makoleji anadzaza ndi amuna. Masukulu ena otchuka kwambiri sankalandira n'komwe akazi pa digiri yoyamba. Yale ndi Princeton anatsegulira akazi mu 1969, Dartmouth mu 1972, ndipo Columbia College inadikira mpaka 1983. Alipo agogo amoyo lero amene pa utsikana wawo sakanaloledwa kufunsira malo ku Yale ngakhale akanakhala anzeru chotani.

Zinthu zinatembenuka mofulumira. Cha m'ma 1980 akazi anali atapitirira amuna pa chiwerengero cha ophunzira, ndipo kuyambira chaka cha sukulu cha 1981 mpaka 1982 akazi ndiwo akhala akulandira madigiri oyamba ambiri chaka chilichonse. Claudia Goldin, katswiri wa zachuma ku Harvard amene analandira mphoto ya Nobel mu 2023, analemba za kusinthaku pamodzi ndi anzake mu 2006. Iwo anaonetsa kuti atsikana ankakhoza bwino kusekondale kuyambira kale, koma analibe chifukwa chokwanira chopitira patsogolo. Ntchito zitatseguka, msinkhu wokwatiwa nkukwera, ndiponso mankhwala olera atafala, chimene chinkawabweza chinachoka.

3. Nanga anyamata akutsalira chifukwa chiyani?

Palibe chifukwa chimodzi. Chimene chimaoneka bwino ndi magiredi a kusekondale: mwa ophunzira okhala pamwamba penipeni pa magiredi, pafupifupi awiri mwa atatu alionse ndi atsikana, ndipo mwa okhala pansi penipeni ambiri ndi anyamata. Magiredi a ku America sachokera pa mayeso amodzi omaliza ngati MSCE. Amaunjikana zaka zinayi kuchokera ku ntchito ya kunyumba, kupereka ntchito pa nthawi yake, ndi timayeso ta m'kalasi. Kachitidwe kotere kamakomera mwana wodekha ndi wadongosolo, ndipo pa zaka 14 kapena 15 atsikana ambiri amakhala atakhwima m'zimenezi kuposa anyamata.

Chifukwa china ndi ntchito. Mnyamata womaliza sekondale akhoza kulowa usilikali, zomangamanga, zamagetsi kapena kuyendetsa magalimoto akuluakulu nkumapeza ndalama zooneka. Ntchito zimene akazi amachulukamo, monga unamwino ndi uphunzitsi, zimafuna digiri.

4. Ndifotokozereni masamu ake. Kusiyanako kumakula bwanji?

Tingoyerekeza, manambalawa si a koleji ina iliyonse. Koleji ili ndi malo 1,000 ndipo ofunsira ndi 10,000, atsikana 6,000 ndi anyamata 4,000. Itati isayang'ane kuti uyu ndi mwamuna kapena mkazi, ndipo magulu awiriwa ali ofanana nzeru, itenga atsikana pafupifupi 600 ndi anyamata 400. Koma ikafuna theka ndi theka, itenga 500 mbali iliyonse. Apa mwa anyamata 100 alionse atengedwa 12 kapena 13, pomwe mwa atsikana 100 alionse atengedwa 8 okha. Atsikana 100 amene akanalowa atsala panja, ndipo palibe amene adzawauze kuti chifukwa chake ndi chimenechi.

Ku Brown zinthu zakhala zikuyenda motere kwa zaka zingapo. Ofunsira aakazi amapitirira 60 pa 100 alionse, koma olowa chaka choyamba amakhala pafupifupi theka ndi theka, choncho mwayi wa mnyamata umaposa wa mtsikana chaka ndi chaka. Musanathamangire kugamula, werenganinso funso 11.

5. Kodi makoleji amavomera kuti amachita zimenezi?

Ambiri savomera poyera. Amanena kuti amaunika munthu yense, osati magiredi okha, ndiponso kuti amafuna gulu la ophunzira osiyanasiyana. Mawu amenewa ndi oona, komanso ndi otambalala moti chilichonse chikhoza kubisalamo.

Amene analankhula mosabisa ndi Jennifer Delahunty Britz, yemwe anali mkulu wosankha ophunzira ku Kenyon College m'chigawo cha Ohio. Mu Marichi 2006 analemba nkhani m'nyuzipepala ya New York Times yopepesa kwa atsikana amene anawakana. Anafotokoza za mtsikana wina wochita bwino kwambiri amene komiti inakhala nthawi ikukambirana ngati amutenge, nanena kuti akanakhala mnyamata sipakanakhala kukayika. Nkhaniyo inautsa mkangano waukulu, ndipo mpaka lero ndi imene anthu amatchula akafuna umboni wochokera m'kati.

Mu 2009 bungwe la boma loona za ufulu wa anthu, U.S. Commission on Civil Rights, linayamba kufufuza makoleji 19 oyandikana ndi Washington kuti lione ngati akukondera anyamata. Makoleji ena anakana kupereka manambala, ndipo mu 2011 kafukufukuyo anatsekedwa osatulutsa lipoti.

6. Akufuniranji theka ndi theka? Atsikana akachuluka chimalakwika n'chiyani?

Chifukwa chimene amanena pagulu ndi chakuti kalasi yosakanikirana imaphunzira bwino. Chifukwa chimene chimawadetsa nkhawa kwenikweni ndi msika. Ogwira ntchito yosankha ophunzira amakhulupirira kuti akazi akafika 60 pa 100 alionse, koleji imayamba kutaya chikoka. Anyamata amaiona ngati sukulu ya atsikana nkusiya kufunsira, ndipo atsikana ena nawonso amaithawa poona kuti moyo wocheza sudzakoma. Koleji imene imadalira fizi ndi mbiri yake imaopa kwambiri kulowa m'njira imeneyo. Britz anatchula malire omwewa a 60 m'nkhani yake ija.

Palinso zifukwa zing'onozing'ono: mahositelo omangidwa kale, matimu a masewero ofuna osewera, ndi madipatimenti ngati a physics amene amafuna ophunzira. Koma kunena zoona, chikhulupiriro cha 60 chija chili ndi pokayikitsa. University of North Carolina ku Chapel Hill ndi University of California ku Los Angeles (UCLA) akhala ndi akazi pafupifupi 60 pa 100 kwa zaka zambiri, ndipo ofunsira malo sanachepe. UCLA imalandira makalata ochuluka kuposa yunivesite ina iliyonse m'dzikomo.

7. Kodi lamulo limalola kukondera kotereku?

M'makoleji amene si a boma, pa digiri yoyamba, inde limalola. Anthu ambiri amadabwa akamva izi, chifukwa amadziwa lamulo lotchedwa Title IX, limene Pulezidenti Richard Nixon anasainira mu Juni 1972. Lamuloli limaletsa tsankho la pakati pa amuna ndi akazi m'sukulu iliyonse yolandira ndalama za boma. Aphungu monga Edith Green, Patsy Mink ndi Birch Bayh ndiwo analimenyera nkhondo.

Koma pa nkhani ya kusankha ophunzira, lamuloli linasiya khomo lotseguka. Limagwira mayunivesite a boma, sukulu za ntchito zamanja, ndi maphunziro a pamwamba pa digiri yoyamba monga udokotala ndi zamalamulo. Siligwira kasankhidwe ka ophunzira a digiri yoyamba m'makoleji amene si a boma. Khomoli silinasiyidwe mwangozi. Masukulu otchuka amene anali atangoyamba kulandira akazi anachonderera Nyumba ya Malamulo kuti isawamange manja, poopa kuti akazi akachuluka thandizo la ndalama lochokera kwa amuna amene anaphunzira kumeneko lichepa. Ndiye kuti mpata umene unasiyidwa mu 1972 kuti akazi asachuluke ukugwirabe ntchito yomweyo lero, kungoti zifukwa zonenedwa zasintha.

Mpata womwewu ndi umene umalola makoleji a atsikana okhaokha kukhalapo. Onani funso 14.

8. Nanga mayunivesite a boma?

Awa ali ndi zingwe ziwiri, Title IX ndi malamulo oyendetsera dziko. Mlandu wodziwika ndi wa University of Georgia. Yunivesiteyi inkawerengera ofunsira mapointi, ndipo mnyamata ankawonjezeredwa 0.25 chifukwa chongokhala mnyamata. Mu 1999 atsikana atatu amene anakanidwa malo anakasuma. Yunivesite inasiya kupereka mapointi a anyamatawo, ndipo mu 2000 khoti linagamula kuti kachitidweko kanali kosemphana ndi lamulo.

Khoti Lalikulu la dzikolo linaweruzapo milandu iwiri yofunika. Mu 1982 linagamula kuti Mississippi University for Women, sukulu ya boma, inalakwa pokaniza mwamuna kuphunzira unamwino. Mu 1996 linalamula Virginia Military Institute, sukulu ya boma ya usilikali yomwe inkatenga amuna okhaokha kuyambira 1839, kuti ilandire akazi. Chigamulocho analemba ndi Ruth Bader Ginsburg, ndipo mfundo yake inali yakuti boma likafuna kusiyanitsa amuna ndi akazi liyenera kupereka chifukwa chomveka kwambiri. Zigawo zina zinapitirira pamenepo. Ku California anthu anavota mu 1996 kuvomereza Proposition 209, yoletsa sukulu za boma kukondera munthu potengera mtundu kapena kuti ndi mwamuna kapena mkazi.

Izi sizikutanthauza kuti m'sukulu za boma manambala amafanana nthawi zonse. Ku William & Mary, yunivesite ya boma ya ku Virginia, mwayi wa anyamata wakhala ukuposa wa atsikana kwa zaka zambiri. Popanda mapointi olembedwa ngati a ku Georgia aja, n'kovuta kukatsimikizira khoti kuti pali kukondera.

9. Si Khoti Lalikulu linathetsa kukondera konse mu 2023?

Ayi. Chigamulo cha pa 29 Juni 2023, pa milandu imene bungwe la Students for Fair Admissions linasumira Harvard ndi University of North Carolina, chinali chokhudza mtundu ndi khungu basi. Za amuna ndi akazi sichinazikhudze, ndipo mpata wa mu funso 7 ulipobe.

Chimene chinasintha ndi mphepo ya ndale. Mu Okutobala 2025 boma la Donald Trump linatumizira mayunivesite 9 chikalata cha mgwirizano chowalonjeza mwayi pa ndalama za boma ngati avomera mfundo zingapo, ndipo imodzi inali yosayang'ana mtundu kapena kuti munthu ndi mwamuna kapena mkazi posankha ophunzira. Brown ndi MIT, sukulu yotchuka ya sayansi ndi uinjiniya, anali m'gulu la amene anakana. Chodabwitsa n'chakuti mfundo yotere itati itsatidwe ndithu, oyamba kuluza m'makoleji ambiri angakhale anyamata, zimene ambiri mwa okuwa kuti kukondera kuthe sanaziganizire.

10. Ndamva kuti ku MIT atsikana ndiwo ali ndi mwayi. Zoona?

Zoona. M'masukulu a sayansi ndi uinjiniya masamu a mu funso 4 amatembenuka. Ku MIT anyamata ofunsira amachuluka pafupifupi kawiri kuposa atsikana, koma olowa amakhala pafupifupi theka ndi theka, choncho mwayi wa mtsikana umaposa wa mnyamata kwambiri. Zofanana zimaoneka ku Caltech, Harvey Mudd ndi Carnegie Mellon. Caltech inayamba kulandira akazi pa digiri yoyamba mu 1970, ndipo mu 2024 akazi anaposa amuna m'kalasi ya chaka choyamba kwa nthawi yoyamba.

A ku MIT amayankha kuti atsikana amene amalimba mtima kufunsira kumeneko amakhala atadzisefa kale, pomwe anyamata ambiri amangoponya kalata kuyesa mwayi. Yankholi likhoza kukhala loona, koma dziwani kuti makoleji okondera anyamata sangaligwiritse ntchito mosavuta, chifukwa magiredi a atsikana ofunsira sakhala otsika.

11. Kodi kusiyana kwa manambala pakokha ndi umboni wa tsankho?

Ayi, ndipo pali chitsanzo chimene aphunzitsi a masamu amachikonda. Mu 1973 University of California ku Berkeley inatenga amuna pafupifupi 44 pa 100 alionse ofunsira maphunziro a pamwamba, koma akazi 35 okha. Poyang'ana koyamba linali tsankho loonekeratu. Akatswiri atasanthula dipatimenti iliyonse payokha, anapeza kuti madipatimenti ambiri sankakondera amuna, ndipo ena ankakomera akazi pang'ono. Chimene chinachitika n'chakuti akazi ambiri anafunsira m'madipatimenti opanikizika, otenga anthu ochepa, pomwe amuna ambiri anafunsira m'madipatimenti otenga anthu ambiri. Zotsatirazi zinasindikizidwa m'magazini ya Science mu 1975.

Lero zinthu zina zikhoza kukweza mwayi wa anyamata popanda wina kunena kuti tikufuna amuna. Timu ya mpira wa ku America imafuna osewera pafupifupi 100, onse amuna, ndipo osewera amene makochi awasankha amalowa mosavuta. Pa koleji ya ophunzira 2,000 chiwerengero chimenechi si chaching'ono, ndipo n'chifukwa chake makoleji ang'onoang'ono ena ayambitsa matimu otere, masewero a pakompyuta ndi maphunziro a uinjiniya pofuna kukopa anyamata. Mayeso olowera ku koleji otchedwa SAT nawonso ali ndi mbali: anyamata amachulukirapo pakati pa okhoza kwambiri masamu, pomwe atsikana amatsogola pa magiredi. Koleji ikalemekeza kwambiri mayesowa, sikelo imapendekera kwa anyamata. Makoleji ambiri anasiya kukakamiza SAT mu 2020 chifukwa cha Covid, kenako MIT inabwezeretsa mu 2022, ndipo Dartmouth, Yale, Brown ndi Harvard analengeza zobwezeretsa mayeso mu 2024.

Komabe koleji ikamalandira makalata opendekera mbali imodzi chaka ndi chaka, nkumatulutsa kalasi ya theka ndi theka chaka ndi chaka, n'kovuta kukhulupirira kuti zimangochitika zokha.

12. Kodi kukonderaku sikuthandiza anyamata amene akutsalira?

Apa ndi pamene nkhaniyi imafooka kwambiri. Mnyamata amene amapindula ku Brown kapena ku Vassar si wotsalira. Ndi mwana wokhoza bwino, nthawi zambiri wochokera ku banja lopeza, amene akanakanidwa kumeneko akanalowa koleji ina yabwino. Anyamata amene akusowadi ndi a m'mabanja osauka, a kumidzi, ndi akuda, ndipo amenewa amatayika kale asanafike polemba kalata yofunsira malo. Ku Howard University, sukulu yotchuka ya anthu akuda ku Washington, akazi ndi pafupifupi 70 pa 100 alionse. Kusuntha malo ochepa m'makoleji olemera sikusintha kalikonse pa moyo wa anyamata amenewa. Kuli ngati kuthira madzi pamasamba mizu ili youma.

Richard Reeves, amene analemba buku lonena za mavuto a anyamata ndi amuna mu 2022, akuti thandizo liyambire pansi. Iye akufuna kuti anyamata aziyamba sukulu mochedwerapo ndi chaka chimodzi, aphunzitsi aamuna achuluke, ndipo sukulu za ntchito zamanja zilimbikitsidwe. Maganizo oyamba aja ambiri amawatsutsa, koma akuloza pamene vuto lili.

13. Kodi ku Malawi zilinso choncho?

Kwathu n'zotembenuka. M'mayunivesite a boma amuna ndiwo akhala ochuluka kuyambira kale, makamaka pa sayansi ndi uinjiniya, chifukwa atsikana ambiri amasiyira sukulu panjira kaamba ka umphawi, mimba ndi maukwati a ana. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limauza boma kuti liyesetse kuti m'sukulu za ukachenjede amuna kapena akazi asachepere 40 kapena kupitirira 60 pa 100 alionse. Malire ake ndi ofanana ndi amene makoleji a ku America amawaopa, koma pali kusiyana kwakukulu. Athu analembedwa m'lamulo, aliyense akhoza kuwawerenga ndi kuwatsutsa, ndipo cholinga chake n'kukweza gulu limene linatsekeredwa kunja. A ku America salembedwa paliponse, ndipo amateteza mbiri ya koleji.

Kubisa kotereku kukafika poipa kumakhala ngati zimene zinaululika ku Tokyo Medical University ku Japan mu 2018, kumene kwa zaka zambiri ankasintha mwachinsinsi malikisi a mayeso olowera kuti akazi asachuluke.

14. Nanga makoleji a atsikana okhaokha alipobe?

Alipo, ndipo ena ndi apamwamba kwambiri: Wellesley, Smith, Mount Holyoke, Bryn Mawr, Barnard, ndi Spelman ku Atlanta. Angapo mwa awa amalandira ophunzira ochokera ku Africa ndipo amapereka thandizo la fizi. A amuna okhaokha atsala ochepa, monga Morehouse, Wabash ndi Hampden-Sydney.

15. Ndine mtsikana wa ku Malawi ndipo ndikufuna kufunsira ku America. Ndichite chiyani ndi zonsezi?

Choyamba, onani manambala nokha. Makoleji ambiri amaika pa intaneti chikalata chotchedwa Common Data Set chaka chilichonse. Lembani dzina la koleji pamodzi ndi mawu amenewa pa Google, mukatsegula pitani pa gawo C1. Pamenepo mupeza amuna ndi akazi amene anafunsira, amene anatengedwa, ndi amene analowadi. Gawani otengedwa ndi ofunsira mbali iliyonse, ndipo muona nokha kumene sikelo yapendekera. Yang'anani zaka ziwiri kapena zitatu, osati chimodzi.

Chachiwiri, musalole kuti nkhaniyi ikuphimbeni maso pa chinthu chachikulu. Kwa wophunzira wochokera kunja wofuna thandizo la fizi, ndalama ndi zimene zimalemera kwambiri pa sikelo kuposa kukhala mwamuna kapena mkazi. Makoleji ambiri amayang'ana ngati mungathe kulipira asanakusankheni. Ochepa okha, monga Harvard, Yale, Princeton, MIT, Amherst, Dartmouth ndi Bowdoin, ndi amene amanena kuti sayang'ana thumba la wofunsira wakunja. Komanso mudzapikisana kwambiri ndi anzanu ochokera m'maiko ena, osati ndi atsikana a ku New Jersey.

Ngati mumakonda masamu, physics kapena kompyuta ndipo malikisi anu akuonetsa zimenezo, werenganinso funso 10, chifukwa m'masukulu amenewo mphepo ili kumbuyo kwanu. Koma musanamizire kukonda uinjiniya pofuna kungolowa, popeza owerenga makalata amayang'ana ngati zimene mwalemba zikugwirizana ndi maphunziro amene munatenga ndi zimene aphunzitsi anu akunena. Uphungu waulere wa kafunsiridwe umapezeka ku EducationUSA, yomwe imagwira ntchito kudzera ku ofesi ya kazembe wa America ku Lilongwe.

16. Ndine mnyamata. Ndiye kuti kwanga n'kosavuta?

Ayi. Pa koleji imene imatenga anyamata 7 pa 100 alionse, 93 amakanidwabe. Mwayi umene tikunenawu umagwira ntchito pakati pa anthu oyandikana kale pa magiredi ndi luso, ndipo sukweza munthu wa malikisi otsika. Umaoneka kwambiri m'makoleji ang'onoang'ono ophunzitsa mbiri, zilankhulo ndi zachikhalidwe, makamaka amene kale anali a atsikana okhaokha ngati Vassar, yomwe inayamba kulandira amuna mu 1969. Mukafunsira uinjiniya kapena kompyuta, inuyo ndi amene muli m'gulu lochuluka, ndipo masamu a mu funso 4 akutembenukirani.